Chogwirira cha kandege ka pa mawaya: tichipake chiyani, tichikulunge ndi chiyani?

Anthu oulutsa tindege ta pa mawaya amatha miyezi akusema mapiko, kupaka penti ndi kukonza injini. Koma kandege kakangonyamuka, zonsezo zimakhala kutali ndi iwo mamita makumi awiri, ndipo chimene chimatsala m'dzanja ndi kathabwa kokwana m'chikhatho. Kathabwa kameneka ndiye chogwirira, ena amati handulo. Munthu akachisema yekha, mafunso amene amatsatira ndi awa.

Kodi masewerawa amayenda bwanji, ndipo ntchito ya chogwiriracho ndi yotani?

Woulutsa amaima pakati pa bwalo, kandege n'kumamuzungulira. Pakati pa iye ndi kandegeko pamakhala mawaya awiri achitsulo, aliyense wosakwana theka la milimita kunenepa kwake. Mawayawo amalowa kunsonga ya phiko n'kukamangirira pa kachitsulo kotembenuka kotchedwa bellcrank, ndipo kachitsuloko kamakankha kapena kukoka chipsepse cha kumchira chimene chimakweza ndi kutsitsa mphuno ya ndege. Mukapendeketsa dzanja cham'mwamba, waya wapamwamba amakoka, kandege n'kukwera. Mukapendeketsa chapansi, kamatsika. Palibe wailesi, palibe batani: dzanja, chogwirira, mawaya, basi.

Masewerawa anakulira ku America. Oba St. Clair wa ku Oregon anaulutsa kandege kotere m'zaka za m'ma 1930, ndipo Jim Walker wa ku Portland ndiye anawafalitsa kuyambira mu 1940 ndi kandege kake kotchedwa Fireball ndi njira yowongolera imene anaitcha U-Control. Masiku ano bungwe la FAI, lomwe likulu lake lili ku Lausanne, limayendetsa mipikisano yamitundu inayi ikuluikulu: F2A ya liwiro, F2B ya kuonetsa luso la kutembenuzatembenuza ndege, F2C ya mjaho wa magulu, ndi F2D ya kuthamangitsana. M'mitundu yonseyi lamulo lililonse limene ndege imalandira limadutsa pa chogwirira, ndipo uthenga uliwonse umene ndege imabweza, wa mphepo kapena wa kulefuka kwa mawaya, umafika pa zala kudzera pomwepo.

Kandege kakang'ono chotere kangakoke mwamphamvu mpaka kuvutitsa dzanja?

Kamakoka ndithu. Tengani ndege ya F2B yolemera makilogalamu 1.7 imene ikuuluka pa mawaya a mamita 20, chifukwa malamulo a FAI amalola kuyambira mamita 15 mpaka 21.5. Ikamazungulira bwalo kamodzi pa masekondi asanu, ndiye kuti ikuthamanga mamita 25 pa sekondi, kapena kuti makilomita 90 pa ola. Pa liwiro limeneli imakoka dzanja ndi mphamvu yoposa pang'ono kulemera kwa makilogalamu asanu, ndipo kukokako sikukhazikika. Kumawonjezeka ndege ikakhala kumbali imene mphepo ikulowera, n'kuchepa ikadutsa pamwamba pa mutu wanu.

Kulemerako pakokha si vuto, munthu wamkulu aliyense angakupirire. Vuto ndi lakuti pa mpikisano ndege iyenera kuuluka mowongoka pa mamita 1.5 kuchokera pansi, ndipo zojambula zambiri zimene ndege imapanga m'mwamba zimathera pa msinkhu womwewo. Ndege imene ikutsika cholunjika pansi pa mamita 25 pa sekondi imatha mtunda wa mamita 1.5 m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Ngati chogwirira chasuntha m'dzanja ngakhale mamilimita awiri, malo amene dzanja linazolowera kuti ndi apakati asintha, ndipo mudzakoka mochedwa kapena mopitirira. Choncho cholinga cha zopaka ndi zokulunga zonse ndi chimodzi: chogwirira chikhale malo amodzimodzi m'dzanja kuyambira ponyamuka mpaka potera, popanda kuchifinya. Dzanja lofinya limauma, ndipo dzanja louma silingajambule ngodya yoyera.

Nanga osangochisiya chosapaka bwanji? Thabwa losapaka silimaterera.

Funsoli ndi lanzeru, ndipo alipo oulutsa odziwa amene amachitadi zimenezo. Mlimi sapaka vanishi pa mpini wa khasu. Mtengowo umamwa thukuta, umasalala ndi dzanja la mwini wake, ndipo umagwirika bwino zaka zambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti pabwalo la tindege pali mdani wachiwiri woposa thukuta, amene ndi mafuta.

Injini zambiri za tindege timeneti zimayendera methanol wosakaniza ndi nitromethane pang'ono ndiponso mafuta ofewetsa zitsulo. Mafuta ofewetsawo nthawi zambiri amakhala a nsatsi, nsatsi zomwezi zimene zimamera kuseri kwa khola, kapena osakaniza ndi ena opangidwa kufakitale. Amakhala ochuluka kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zonse zili m'thanki, ndipo injini zakale monga Fox .35 zimafuna oposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Mafuta a nsatsi sapsa onse m'injini. Amatuluka ndi utsi n'kumata phiko ndi thupi la ndege. Mukathira mafuta m'thanki, kuliza injini, kenako n'kuthamangira pakati pa bwalo, zala zimafika pa chogwirira zili noninoni.

Thabwa losapaka limamwa mafutawo osawabwezanso. Limada, limalemera, limayamba kunanda, ndipo mafuta akafika pamene pali guluu amafooketsa mgwirizano wa matabwa. Choipa china n'chakuti thabwa lomwa mafuta silimagwiranso vanishi kapena tepi. Ndiye ngati ndege zanu zili za injini ya mafuta, pakani chogwirira chisanafike n'komwe pabwalo. Ngati zili za mota ya magetsi ndi batire, thabwa losapaka kapena lopakidwa pang'ono chabe lingakutumikireni bwino.

Chiyenera kuyamba n'chiyani, kupaka kapena kusema?

Kusema, ndipo apa mpofunika kufatsa kuposa pena paliponse. Tepi yabwino singakonze chogwirira chimene sichikukwana dzanja lanu. Zogwirira zambiri zopanga pamanja zimakhala ndi mtima wolimba wa pulaiwudi kapena aluminiyamu, umene umanyamula mphamvu yonse ya mawaya, ndipo mbali zake ziwiri amamatako thabwa lofewa monga balsa kapena basswood kuti asemepo mawonekedwe a dzanja. Ena amakonda matabwa olimba okongola monga walnut ndi maple. Mlombwa ndi mbawa nazonso zimasemeka bwino ndiponso n'zolimba, kungoti zimalemera kuposa balsa, ndipo chogwirira cholemera chimachedwetsa dzanja potembenuka mwachangu.

Chofunika kwambiri ndi kutalika kwa malo ogwira. Zala zinayi zilowe mothina pang'ono pakati pa nyanga ziwiri za chogwiriracho, yapamwamba ndi yapansi, kuti chogwirira chisakwere kapena kutsika m'dzanja. Ambiri amasema kamphako ka chala cha mkombaphala chokha, chifukwa chala chimenechi chikapeza malo ake, zinazo zimatsatira. Timphako ta zala zonse zinayi timaoneka bwino, koma tikaphonya pang'ono timakakamiza dzanja kukhala mmene silifunira.

Semani pang'onopang'ono ndi tupa ndi sandipepala yokhakhala, muziyesa m'dzanja pafupipafupi. Njira yabwino yoyesera ndi kumangirira chogwiriracho ku mtengo ndi zingwe ziwiri n'kuchikoka monga mmene ndege ingakokere, maso ali chitsinzinire. Paliponse pamene pakubaya chala, palani. Mukakhutira, salazani ndi sandipepala ya 120, kenako ya 220, n'kumalizira ya 320. Ngati mudzakulunga tepi, semani chocheperako pang'ono kuti tepiyo ipeze malo.

Ndi zopaka ziti zimene zimapirira mafuta a injini, ndipo zosapirira ndi ziti?

Chimene chimaononga zopaka kwambiri si mafuta a nsatsi, koma methanol ndi nitromethane, chifukwa zonse ziwiri zimasungunula zinthu.

Cholimba kwambiri mwa zopezeka mosavuta ndi guluu wa epoxy wouma mochedwa, wa mphindi 30 kapena kuposa. Amapakidwa mopyapyala, thabwa limamwa, otsala n'kupukuta ndi kansalu. Ena amamusungunulako pang'ono ndi spiriti kuti alowe bwino. Epoxy wa mphindi zisanu sayenera pantchitoyi: amauma asanalowe m'thabwa ndipo salimba mofanana. Chachiwiri ndi vanishi wa polyurethane wosungunulira ndi mafuta, amene akalipentala amapaka pa matebulo ndi zitseko. Kupaka kawiri kapena katatu mopyapyala, n'kumapala pang'ono pakati, kumakwanira. Polyurethane wosungunulira ndi madzi amauma msanga ndipo sanunkha, koma sapirira mafuta a injini mofanana ndi mnzakeyo. Amene ali kale ndi butyrate dope wopaka mapiko angamugwiritsenso ntchito, pakuti amapirira mafuta okhala ndi nitromethane wochepa. Vanishi wa magalimoto wosakaniza zinthu ziwiri ndi wolimba zedi, koma mpweya wake ndi woopsa ku mapapo, ndipo si wopopera m'chipinda popanda chophimba kumphuno choyenera.

Zosayenera ndi izi. Shellac amasungunuka ndi mowa wamtundu uliwonse, ndiye methanol amamufewetsa nthawi yomweyo. Nitrate dope ndi lacquer wamba amananda akakhudzana ndi mafuta a injini. Penti wamba ya m'zitini zopopera nayonso kawirikawiri imafewa.

Musathamangire kubwalo. Vanishi angaoneke wouma tsiku lotsatira, koma kulimba kwenikweni kumatenga mlungu kapena kuposa, makamaka nyengo ya chinyezi. Ngati mukukayika, pakani kachidutswa ka thabwa lomwelo, kaume mokwanira, mudonthezepo mafuta anu, mudikire mphindi zingapo, n'kupukuta. Kansalu kakamata kapena kutenga mtundu, mwapulumutsa chogwirira chanu.

Bwanji mafuta a matabwa monga linseed, tung kapena Tru-Oil?

Amenewa ali ndi okonda ake, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Amalowa m'thabwa m'malo mokhala pamwamba, motero dzanja limamvabe mtengo, osati chikopa cholimba cha vanishi. Tru-Oil, amene kampani ya Birchwood Casey inapangira matabwa a mfuti, amapakidwa ndi chala kapena kansalu kangapo mopyapyala ndipo amakongoletsa walnut kapena mlombwa mochititsa kaso. Pakakalika, mumangopala pang'ono n'kupakanso pomwepo, pamene vanishi akang'ambika amafuna kupala paliponse.

Kufooka kwake n'kwakuti satchinga mafuta a injini mokwanira ngati epoxy kapena polyurethane. Amayenera chogwirira cha ndege ya magetsi, kapena munthu waukhondo amene amapukuta m'manja nthawi zonse asanagwire. Tepi nayonso simata bwino pa thabwa lopakidwa mafuta amene sanaume kwenikweni.

Chenjezo limodzi lisakudutseni: nsanza zonyowa ndi linseed zikaunjikidwa pamodzi zimatentha zokha mpaka kuyaka moto. Muziziyanika panja chotambasula, kapena kuziviika m'madzi musanataye.

Chonyezimira ndi chosanyezimira, chabwino n'chiti?

Vanishi wonyezimira amanamiza. Dzanja likakhala louma amagwira bwino kwambiri, mwina kuposa thabwa losapaka. Koma thukuta likangoyamba, limasowa kolowera, limakhala pakati pa khungu ndi vanishi, ndipo chogwirira chimayamba kusewera. Kuuluka kwa F2B kumatha mpaka mphindi zisanu ndi ziwiri, munthu akuzungulira padzuwa, ndipo zojambula zovuta kwambiri zimabwera kumapeto, pamene dzanja lanyowa kale.

Mankhwala ake ndi osavuta. Vanishi akalimba, muphe kunyezimirako ndi sandipepala ya 400 kapena 600 pa malo ogwira okha. Nyanga ndi mbali zina zingatsale zonyezimira, zimapukutika mosavuta. Ofuna kukhakhala kwambiri amawaza mchenga wosefa bwino pa vanishi wosauma n'kupakanso kamodzi pamwamba, kapena amadula timizere topingasana monga amachitira pa matabwa a mfuti. Apa pamafunika muyeso. Kukhakhala kopitirira kumagwira bwino paulendo woyamba, koma pofika wachisanu zala zimakhala zitatuluka matuza, ndipo munthu womva ululu amasintha kagwiridwe osadziwa.

Ngati ndasankha kukulunga, ndikulunge ndi chiyani?

Chotchuka kwambiri pakati pa oulutsa ndi tepi yopyapyala imene osewera tenisi amakulunga pamwamba pa chogwirira cha chomenyera mpira. Kunenepa kwake ndi pafupifupi theka la milimita, choncho sisintha kwambiri mawonekedwe amene munasema. Ilipo yamitundu iwiri. Yomata imamveka ngati ikukakamira khungu ndipo imayenera manja ouma ndi nyengo yozizira. Youma, monga Tourna Grip yabuluu, imamwa thukuta ndipo imagwira bwino dzanja likanyowa. Munthu wa thukuta lambiri asankhe youma. Matepi onsewa amatha msanga akakumana ndi mafuta, koma kusintha kwake ndi kwa mphindi zochepa.

Tepi yansalu imene osewera hockey amakulunga pa ndodo zawo ndi yopyapyala, yotsika mtengo ndi yokhakhala bwino, kungoti guluu wake amadutsa nsalu pakapita nthawi. Tepi yomwe amamata nayo mabandeji kuchipatala imagwira ntchito mofananamo. Tepi ya mahandulo a njinga zampikisano ndi yofewa, koma imanenepa mamilimita awiri kapena atatu, ndipo pa chogwirira chaching'ono kumeneko n'kochuluka. Palinso paipi ya labala yofota ndi moto imene asodzi amaveka pa ndodo za mbedza: ilibe msoko ndipo imapukutika, koma imakana kutsata ngodya zakuthwa ndipo pa zogwirira zina sipezeka polowera chifukwa cha nyanga. Ena amakulunga chingwe chopyapyala cha thonje mothinana n'kuchinyowetsa ndi epoxy pang'ono. Chimenechi ndi cholimba ndipo sichisuntha, koma mukachimata mwachimata. Labala wamadzi woviikamo zida, monga Plasti Dip, amagwira bwino ali watsopano, koma amayamba kusendeka m'mphepete mafuta akalowa pansi pake.

Ziwiri zimene munthu amathamangira chifukwa zili pafupi ndi tepi yakuda ya magetsi ndi mphira za chubu cha njinga. Tepi ya magetsi ndi yosalala, ndipo ikatenthedwa ndi dzuwa guluu wake amasungunuka, tepi n'kumatsetsereka pansi pa zala. Mphira zimagwira bwino dzanja louma ndipo zingathandize poyeserera, koma zimaterera zikapaka mafuta. Kwa amene ali ndi injini zazing'ono za dizilo, zomwe mafuta ake muli palafini, mphirazo zimafufuma n'kufewa.

Kodi chokulunga chofewa ngati siponji sichingapumitse dzanja?

Chimapumitsa khungu, koma chimaba uthenga. Kuti zimveke, tiyeni tione kumene zogwirira zachokera. Zakale zambiri, monga E-Z-Just, zinali ndi kachingwe kachitsulo kodutsa m'kati, ndipo mawaya ankamangirira kunsonga zake ziwiri. Kachingweko kanali kosavuta kusuntha pofuna kulinganiza malo apakati, koma kamapindika ndi kutamuka pang'ono nthawi iliyonse mukakoka. Jim Walker anagulitsanso U-Reely, chogwirira chokhala ndi chokulungira mawaya m'kati mwake, chothandiza koma cholemera. Ampikisano ambiri a masiku ano anasamukira ku zogwirira zimene mawaya amakoleka mwachindunji pa chitsulo chosasuntha, ndipo chimodzi chodziwika bwino mwa izo chimatchulidwa ndi dzina la Ted Fancher, katswiri wa ku America. Cholinga cha kusamukako chinali kuchotsa kufewa kulikonse pakati pa zala ndi ndege.

Tsono munthu akatenga chogwirira chotere n'kuchikulunga siponji yonenepa, wabwezeretsa kufewa komwe ankathawa. Siponji imafinyika ndege ikakoka kwambiri n'kubwerera ikalefuka, ndipo sifinyika mofanana pansi pa zala zonse. Pa ngodya, pamene mphamvu yambiri imapita pa waya mmodzi, chogwirira chimapendekeka kaye m'kati mwa siponjiyo chisanamvere dzanja. Ngati chogwirira chikupweteka, mlandu uli pa kasemedwe, ndipo kokonza ndi komweko. Munthu wa nyamakazi m'zala angafune chogwirira chonenepa kuti asapinde zala kwambiri. Ameneyo anenepetse ndi thabwa kapena cork, kenako akulunge tepi yopyapyala pamwamba.

Kakulungidwe kabwino ndi kotani?

Yambani ndi thabwa lopakidwa kale ndiponso louma kwenikweni. Tepi si chotchinga mafuta. Imamwa thukuta ndi mafuta n'kuzisunga pa thabwa, choncho pansi pake payenera kukhala epoxy kapena vanishi. Pukutani ndi spiriti kuti pasakhale fumbi.

Yambirani kumunsi kukwera m'mwamba, mukukoka tepi mofanana ulendo wonse, mzere uliwonse uphimbe pang'ono mzere wapansi pake. Kuphimbana kwambiri kumapanga mitumbira imene zala zimaimva. Yesani mbali yozungulira musanamate: pofinya, zala zizigoneka mphepete mwa tepi, osati kuzitukula, ndipo mbali yoyenera imasiyana pakati pa wamanja ndi wamanzere. Pa kamphako ka chala kokani mwamphamvu pang'ono kuti tepi ilowe. Malekezero akhale kumbali imene khungu silikhudza, ndipo muwamange ndi katepi kakang'ono kapena kadontho ka guluu.

Musaphimbe zomangira zosinthira, mabowo a mawaya, kapena bowo la lamba womangira chogwirira ku mkono. Mukamaliza, kolekani mawaya, mnzanu agwire ndege, muone ngati chipsepse cha kumchira chili chowongoka dzanja likakhala mmene limakhalira mwachibadwa. Tepi ikanenepa kumtunda kuposa kumunsi imapendeketsa chogwirira, ndipo ndege imene dzulo inkauluka mowongoka lero idzayamba kukwera kapena kutsika yokha. Ulendo woyamba pambuyo pokulunga ukhale woyesera, wouluka pamwamba ndithu.

Kodi mitundu yonse ya mpikisano imafuna chogwirira chofanana?

Ayi. Wa F2B amafuna kumva chilichonse, ndiye amasankha cholimba, chopepuka, cha tepi yopyapyala kapena chopanda tepi. Wa F2D amakhala m'bwalo limodzi ndi mdani wake kwa mphindi zinayi, aliyense akuyesa kudula kansalu ka pepala kamene kakulendewera kumchira kwa ndege ya mnzake. Mawaya amapiringizana, ndege zimagwa, chogwirira chimaponyedwa pa udzu n'kutoledwanso mwachangu. Pamenepo kukongola kulibe ntchito. Chofunika ndi kulimba, kukhakhala, ndi mawonekedwe amene dzanja limazindikira kumwamba ndi kunsi popanda kuyang'ana. Mu F2C oulutsa atatu amazungulira pamodzi mothinana maulendo 100, ndipo pa mjaho womaliza 200, choncho chogwirira chimakhala chaching'ono chopanda nsonga zokola malaya kapena mawaya a anzawo. Mu F2A ndege imatha kupitirira makilomita 300 pa ola, ndipo nthawi yowerenga liwiro chogwirira chimalowetsedwa m'mphanda ya mzati woima pakati pa bwalo. Kumeneko chitsulo ndi malamulo ndiye zimalamula mawonekedwe.

Wongoyamba kumene, monga ana ambiri a ku America amene anaphunzirira pa Cox PT-19 ya injini ya .049 ndi kachogwirira kapulasitiki, asadzivutitse. Ndege zazing'ono chotere sizikoka kwambiri. Kupala pulasitikiyo ndi sandipepala kapena kukulungapo tepi yansalu kamodzi n'kokwanira.

Pali za chitetezo zimene zopaka ndi tepi zimakhudza?

Zilipo zinayi. Choyamba, kugwira bwino kwa tepi sikulowa m'malo mwa lamba wa pamkono. Malamulo a mipikisano monga F2B ndi F2D amafuna lamba womanga chogwirira ku mkono, kuti chikapulumuka m'dzanja ndege isathawe ikukoka mawaya kupita kumene kuli anthu. Bowo la lambayo liboole mtima wolimba wa chogwirira, osati balsa wa m'mbali.

Chachiwiri, tepi imabisa ming'alu. Mu F2B, ndege, mawaya ndi chogwirira zimayesedwa pozikoka ndi mphamvu yokwana kakhumi kulemera kwa ndege, ndiye kwa ndege ya makilogalamu 1.7 ija ndi makilogalamu 17. Nthawi iliyonse mukamasintha tepi, yang'anani thabwa ndi malo a guluu. Pa chogwirira cha kachingwe, yang'anani pamene kachingweko kamatulukira, chifukwa m'pamene timawaya take timayambira kuduka.

Chachitatu, ikani chizindikiro cha kumwamba. Pakani nyanga yapamwamba mtundu wowala, ndipo mtundu womwewo ukhale pa cholumikizira cha waya wokweza ndege. Kugwira chogwirira chozondoka kwaphwanyitsa ndege zambiri m'masekondi oyamba a ulendo.

Chachinayi ndiye chachikulu: vanishi, labala kapena tepi ya magetsi sizingakutetezeni ku mawaya a magetsi a pamitengo. Mawaya a ndege ndi achitsulo, ndipo magetsi amphamvu amalumpha ngakhale asanakhudzane nawo. Anthu afapo motere. Ulutsani kutali kwambiri ndi mawaya a magetsi, ndipo mitambo ya ziphaliwali ikayamba kusonkhana, kulungani mawaya muzipita.

Ndiye pomaliza, munthu asankhe chiyani, ndipo asamale bwanji?

Kwa ndege ya injini ya mafuta, njira imene sikhumudwitsa kawirikawiri ndi iyi: semani mpaka chikukwaneni, tsekani thabwa lonse ndi epoxy wopyapyala kapena polyurethane, iphani kunyezimira pa malo ogwira, muulutse maulendo angapo chili choncho. Ngati sichikusuntha m'dzanja, mwamaliza. Ngati chikuterera, kulungani tepi ya tenisi kamodzi, youma ngati muli wa thukuta, yomata ngati manja anu ndi ouma. Kwa ndege ya magetsi, mafuta a matabwa kapena vanishi wopaka kamodzi ndi wokwanira.

Kusamala kwake n'kochepa. Khalani ndi kansalu koyera m'thumba kopukutira m'manja mukatha kuliza injini, kosiyana ndi nsanza yopukutira ndege. Musasiye chogwirira pa udzu wamame kapena m'galimoto yotentha. Tepi ikayamba kuwala kapena kuda, yatha, ichotseni. Ndege iliyonse ikhale ndi chogwirira chake ndi mawaya ake, dzina lake lolembedwa pansi pa vanishi, kuti mukalinganiza kamodzi musamabwerezenso. Ndipo musasinthe tepi usiku woti mawa ndi mpikisano, chifukwa dzanja limafuna maulendo angapo kuti lizolowere ngakhale kusintha kwa theka la milimita.

Amene muli ku Britain mungapeze magulu a oulutsa kudzera ku bungwe la BMFA, a ku South Africa kudzera ku SAMAA. Mukafika pabwalo, pemphani eni ake kuti mugwireko zogwirira zawo, makamaka masana dzanja litanyowa kale, ndipo mufunse kuti tepiyo anaikulunga liti. Zogwirira zisanu zogwira motere zidzakuuzani zimene khungu lanu limafuna musanagule chitini cha vanishi ngakhale chimodzi.